Kodi Ailocano ndi oumira? Yankho kwa achemwali athu a ku England

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene amasamalira okalamba ku England. Akuti pantchitopo pali mtsikana wa ku Philippines amene Afilipino anzake amamuseka kuti ndi "kuripot", ndiye kuti woumira, iye n'kumangoyankha kuti ndi Mwilocano. Mayiwa akufunsa kuti anthu amenewa ndi otani, ndipo n'chifukwa chiyani mtsikanayo amawaitana "manang".

Achemwali, dzinalo musalidandaule, wakupatsani ulemu. M'Chiilocano "manang" ndi mchemwali wamkulu, "manong" ndi achimwene, wamng'ono ndi "ading". Mawa mudzamupatse moni kuti "Naimbag a bigat, ading", muone mmene ati asekerere. Polankhula ndi wamkulu sanena "sika", yemwe ndi iwe, koma "dakayo", ndendende inu wathuyu. Chilankhulochi si Chitagalog (chilankhulo cha ku Manila, likulu la dzikolo) chopotoka ayi. Munthu wa ku Manila sangachimve asanachiphunzire, ndipo pa kuchuluka kwa eni ake chili m'gulu la zilankhulo zikuluzikulu m'dzikomo, ngakhale sichifika pa Chitagalog ndi Chicebuano. Mu 2012 chigawo cha La Union chinachikhazikitsa kukhala chilankhulo cha boma kumeneko.

Tsono za kuumirazo. Kwawo kwenikweni kwa Ailocano ndi kumpoto chakumadzulo kwa chilumba cha Luzon, ku Ilocos Norte, Ilocos Sur ndi La Union. Ndi kadera kopapatiza, uku nyanja, uku mapiri a Cordillera. Malo olima ndi ochepa, chilimwe chimatalika, mvula ikabwera imabwera ndi namondwe. Amalima mpunga, adyo ndi fodya. Wokulira pamalo otere amaphunzira msanga kuti chilichonse chili ndi ntchito, ndipo mumaonera mumphika. Ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku, dinengdeng, ndi masamba othyola kuseri kwa nyumba owiritsidwa ndi bugguong, tinsomba tovunditsa mumchere. Masamba ake? Saluyot, yemwe ndi denje wathu wotererayu, ndi marunggay, chamwamba chomwe timadzala m'mipanda. Ine ndimati munthu wodziwa kukhutitsa banja ndi denje si woumira, ndi wosamala. Woumira ndi uja amabisa ndiwo mlendo akafika.

Kuchepa kwa malo komweko n'kumene kunawabalalitsa. Ambiri anasamukira ku chigwa cha Cagayan, ku Pangasinan, mpaka ku Mindanao. Mu December 1906 amuna 15 ochokera ku Candon, ku Ilocos Sur, anafika ku Hawaii kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo anthu ankawatcha masakada. Anzawo zikwizikwi anawatsatira, moti lero Afilipino ambiri a ku Hawaii ndi Ailocano, ndipo chilankhulo chawo chimaphunzitsidwa pa yunivesite ya Hawaii ku Manoa. Amene agogo ake anapita ku Joni pa Wenela amamvetsa chifukwa chimene munthu wakuulendo amadzimana. Mnzanuyo akamabwera ndi mpunga wake m'kontena m'malo mogula chakudya, n'kutheka kuti pali wina kumudzi amene akudikira fizi.

Koma musawayese ofatsa mopusa. Mu 1763 Gabriela Silang anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Asipanya mwamuna wake Diego ataphedwa, mpaka iyenso anamupachika ku Vigan, ku Ilocos Sur. Mu 1807 anthu a ku Piddig, ku Ilocos Norte, anaukira boma la atsamunda chifukwa linawaletsa kufulula okha basi, mowa wawo wa nzimbe. Inde, nkhondo ya mowa.

Chinanso choti mudziwe: pa maliro amasonkha moto wa chikuni kutsogolo kwa nyumba, amautcha atong, ndipo suzima mpaka atakaika. Akadzakuuzani za zovuta kwawo, mudzakhale naye monga timachitira pa siwa.

Mukadzabwera kuno kutchuthi, mudzamutengereko mfutso wa denje. Mudzamufunse ngati angathire bugguong, inu mudzabwere ndi ufa.