Mwana akufuna MacBook, ndigule kodi?

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera kuti: "Mwana wanga akulowa chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira zachuma. Akuti ndimugulire MacBook chifukwa mapulogalamu a ziwerengero amafuna yomweyo. Pomwepo akutchula Stata, mwina R, mwina Python. Ndalama yanga ndi ya fodya, ndigule chiyani?"

Mayi, MacBook ndi makina abwino ndithu, koma mwanayu wakokomeza. Stata, R ndi Python zonse zimagwira pa Windows, pa Mac ngakhalenso pa Linux, ndipo mayankho ake amatuluka chimodzimodzi. Komanso alipo mapulogalamu amene Mac sagwirizana nawo. CSPro, imene amakonzera mafunso a kalembera, imafuna Windows, ndipo SAS, pulogalamu inanso ya ziwerengero, siikidwa pa Mac mwachindunji. Laputopu ya Windows ikwanira, ngakhale ya kaunjika. Pogula musatengeke ndi kuwala kwake, funsani kukula kwa RAM, malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito zimene mwatsegula. Stata ndi R zimanyamula deta yonse n'kuiika mu RAM, ndiye ya 4GB imangoima njii mukatsegula kafukufuku wamkulu. Pezani ya 8GB, ikakhala 16GB ndiye bwino kwambiri, ndipo ikhale ndi SSD, chosungiramo mafayilo chachangu.

Tsono za mapulogalamuwo. SPSS ndi gogo wawo, inayamba mu 1968, pano ndi ya IBM, ndipo ambiri amaikonda chifukwa umangodinadina. Stata inabwera mu 1985 ndipo akatswiri a zachuma ndi azaumoyo anaikonda mpaka lero. Deta ya kafukufuku wa DHS (wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo) ndi wa mabanja, wa ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO ku Zomba, imapezeka m'mafayilo a Stata, choncho mwana wanu sangaithawe. Vuto n'loti ziwirizi n'zogula, ndi madola. N'chifukwa chake ophunzira amapatsirana zakuba pa fulashi, zina zili ndi mavairasi, ndipo ku ntchito yolongosoka zotere salola.

R ndi yaulere. Anaipanga Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku yunivesite ya Auckland, ndipo ndi kaphukusi kotchedwa haven imatsegula mafayilo a Stata ndi SPSS omwe. Python, ya Guido van Rossum ya mu 1991, nayonso ndi yaulere, koma imeneyo ndi ya amene akufuna kulowera ku ntchito za mapulogalamu. Wa zachuma aisiye kaye.

Chimene ndingamuuze mwanayo n'chakuti ayambe ndi chomwe aphunzitsi ake akugwiritsa ntchito, koma azilemba malamulo ake m'fayilo, ija amati do-file mu Stata, osati kumangodina. Ndawaona ana chaka chomaliza: kwatsala masiku awiri kupereka kafukufuku, woyang'anira akuti chotsani mabanja a boma limodzi. Wodina uja amayambiranso pachiyambi, maso ali psuu usiku wonse, osakumbukanso zomwe anadina mwezi watha. Mnzake wa do-file amasintha mzere umodzi, n'kupita kukadya nsima. Fayilo yomweyo akaitumiza kwa mnzake wa Mac imagwira, angosintha malo a foda, chifukwa C:\ ija ndi ya Windows yokha. Pa tchuthi aphunzire R, maphunziro ake ndi aulere pa intaneti.

Ndalama imene itsale, Mayi, onetsetsani kuti batire ya laputopuyo ndi yamoyo, poti magetsi athu mukuwadziwa, kenako mumugulire bandulo.