Khola pafupi ndi chitsime, madzi kuyera sikuti ndi abwino

Akulu mwafunsa ngati khola la ng'ombe lomwe lili pafupi ndi chitsime chanu lingaononge madzi, poti madziwo amatuluka oyera mbee komanso sanunkha. Lingaononge ndithu, maso sangakuuzeni kanthu apa. Mu ndowe mumakhala mabakiteriya (tizilombo toyambitsa matenda) ngati E. coli, Salmonella ndi Campylobacter, ndiye chovuta n'choti ng'ombe itha kukhala ndi mtundu woopsa wa E. coli wotchedwa O157 iyo ili gwa ikudya msipu bwinobwino, koma mwana akamwa madziwo amatsegula m'mimba zamagazi mwinanso mpaka impso kusiya kugwira ntchito.

Dothi limasefa inde koma zimatengera dothi lake. Makande amagwira tizilombo tambiri, mchenga umadutsitsa msanga, pomwe pali thanthwe long'aluka ndiye basi madzi amangoyenda m'ming'alumo osasefedwa n'komwe. Ku Walkerton ku Canada mu 2000 kunagwa chimvula, manyowa a ng'ombe omwe anathira pa famu yapafupi analowa m'chitsime chosazama cha tauniyo, klorini nayenso samathira wokwanira, anthu 7 anamwalira ndipo oposa 2,000 anadwala.

Koma ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pakamwa pa chitsime penipenipo. Mvula ikangokata pitani mukaonetsetse, mupeza simenti yang'aluka, pambali pali chithaphwi chomwe ziweto zimamwera, matope osakanikirana ndi ndowe, madzi akudawo akutsetserekera mkati kudzera m'ming'alu yomweyo. Pamenepo dothi silinasefe chilichonse, zalowa chindunji.

Khola ndi mulu wa manyowa zikhale kumunsi kwa chitsime osati kumtunda, patali mamita 30 kapena kuposa, pamchenga onjezerani ndithu. Matani simentiyo, tchingani mpanda kuti ziweto zisafikepo, zizimwera kutali, kumbaninso ngalande yopatutsa madzi a mvula. Manyowa muziwaunjika atenthe n'kuwolerana kaye, ndowe yaiwisi musamamwaze pomwe mvula yatsala pang'ono kugwa.

Ngati mungathe kayezetseni madzi ku labu, makamaka mvula yamphamvu ikangogwa chifukwa m'chilimwe atha kuoneka abwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 100 ml ya madzi akumwa musapezeke E. coli olo mmodzi. Pakadali pano muziwiritsa kapena kuthira klorini, ndipo ngati pakhomopo pali khanda ayezenso nitrate (mchere wina wosungunuka m'madzi woopsa kwa makanda), imachokeranso ku ndowe komweko ndipo imeneyo kuwiritsa sikuichotsa.