Mawu a Cantonese a zosuzumira ndi ukazitape

Achimwene mwafunsa kuti m'mafilimu a apolisi a ku Hong Kong aja amati chani akamalondalonda munthu mwachinsinsi. Ine Cantonese, chilankhulo cha kumeneko, ndili nayo chaka chachitatu chino ndiye langizo langa, osayamba ndi kuloweza mawu ambirimbiri ayi, gwirani kaye liwu limodzi ili, tau1, kutanthauza kuba. Kwa anzathuwa chochita mobisa ndi kuba basi. Tai2 ndi kuona ndiye tau1 tai2 ndi kuba ndi maso, muja mumaponyera diso pa foni ya mnzanu mu minibasi iye ali kalikiliki kulemba uthenga, teng1 ndi kumva ndiye tau1 teng1 ndi kutchera khutu pazenera la eni, tau1 jing2 ndi kujambula munthu iye osadziwa. J ameneyo muzimutchula ngati y, ying.

Manambalawo musawataye, ndi kakwezedwe ka mawu m'kalembedwe ka Jyutping ndipo alipo 6. Zisakuopseni, ifenso mtengo wa mango ndi mtengo wa pamsika timasiyanitsa ndi khutu.

Gan1 zung1 ndi kulonda munthu m'mbuyo, gaam1 si6 ndi kumuyang'anira usana ndi usiku, awa ndi mawu a munyuzi. Okoma ali mumsewu. Gau2 zai2 deoi2 ndi "gulu la tiagalu", linali dzina la apolisi olondalonda anthu koma pano ndi atolankhani osaka zinsinsi za anthu otchuka. Tai2 seoi2 ndi "kuyang'ana madzi", uja timamusiya panjira kuti atiimbire likhweru ife tikuthyola mango a eni, chonde musakatunge madzi kkkk. Ngo6 dai2 ndi wapolisi wolowa m'gulu la zigawenga ngati mnzawo, pomwe ji6 ng5 zai2, mnyamata wa 2 ndi 5, ndi kapirikoni weniweni, liwu lotukwana ndithu.

Limene linandichititsa manyazi ndi zong1. Ndinalimva mufilimu ndiye ndinauza mayi amene amandiphunzitsa pa intaneti kuti ndimakonda ku-zong1 anthu odutsa pamsewu, anaseka mpaka kuvula magalasi, ati nthawi zambiri limanenedwa za osuzumira anthu kubafa. Zoterozo ku Hong Kong ndi mlandu pawokha kuyambira 2021, mpaka zaka 5 kundende. Mpaka pano tikamayamba phunziro amandifunsa ngati ndasiya.