Kasitomala akalemba "lamya" koma makina n'kunena kuti palibe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagulitsa zipangizo zamagetsi pa intaneti. Akuti anthu akalemba "lamya" m'kabokosi kofufuzira, palibe chimene chimatuluka, chonsecho mafoni ali mbwee pa webusaiti yawo. Amagwiritsa ntchito Elasticsearch, pulogalamu yofufuzira zinthu pa webusaiti, ndipo afunsa ngati angatenge mawu onse ofanana tanthauzo a m'dikishonale n'kuwathira m'makinawo.

Mayi, dikishonaleyo iyambe yadikira. Makina ofufuzira samva chinenero, amangoyerekeza zilembo zimene munthu walemba ndi zimene anasunga. "Lamya" ndi "foni" kwa iwo n'zachilendo mpaka inu mutawauza kuti n'chimodzi. Koma mukawauza zambirimbiri nthawi imodzi, muyamba kuona zodabwitsa. Taganizani za mawu akuti "mtengo". Mukawalumikiza ndi "ndalama", munthu wofuna mtengo wodzala adzalandira masamba a malipiro. Ine ndimaopa kwambiri vuto limeneli kuposa la kusapeza kanthu, chifukwa wopatsidwa zolakwika amasiya kukhulupirira kabokosiko.

Poyambira pabwino ndi pa mndandanda wa zimene anthu anafufuza n'kubwerera chimanjamanja. Sungani mawu amenewo kwa milungu ingapo, muone amene akubwerezedwa, ndipo muyambe ndi amenewo. Makasitomala anu ndiwo akuuzeni mawu osowa.

Kalembedwe ka mawu ofanana tanthauzowa n'kosavuta, ndipo n'kofanana mu Elasticsearch ndi Solr (pulogalamu ina yofufuzira) popeza onsewa anamangidwa pa maziko amodzi otchedwa Lucene. Mukalemba "foni, lamya" pa mzere umodzi, ndiye kuti mawuwa ndi ofanana mbali zonse. Mukalemba "lamya => foni", ndiye kuti lamya izisinthidwa kukhala foni, koma osati mobwerera. Kusiyanaku musakuchepetse. Wofufuza "kompyuta" angasangalale kuona malaputopu, pamene wolemba "laputopu" wanena kale chimene akufuna, ndipo kumuonetsa makompyuta a pa desiki n'kumutayitsa nthawi. Apa lembani "kompyuta => kompyuta, laputopu", kuti njira ikhale yolowera kumodzi.

Funso limene simunafunse koma lidzakupezani ndi ili: kodi mawuwa azigwira ntchito posunga zinthu mu index (nkhokwe imene makina amafufuzamo), kapena pofufuza? Ine ndimasankha pofufuza. Mukawaika posunga, kusintha mzere umodzi wokha kumafuna kuti mumangenso index yonse. Pofufuza mulibe chintchito chimenecho, ndipo kuyambira pa Elasticsearch 7.3 mukhoza kuika "updateable": true pa filter yanu ya mawu ofanana (filter ndi gawo la makina limene limakonza mawu asanayerekezedwe) kuti mndandanda watsopano uwerengedwe popanda kumanganso kanthu. Gwiritsani ntchito filter yotchedwa synonym_graph, makamaka ngati muli ndi mawu angapo oimira chinthu chimodzi, monga "foni yam'manja". Filter yakale ya synonym imasokonezeka pa mawu oterewa. Muonetsetsenso kuti filter ya lowercase, yosintha zilembo zazikulu kukhala zazing'ono, ikuyamba kugwira ntchito ya mawu ofanana isanayambe, kuti "Lamya" ya chilembo chachikulu isaphonyedwe.

Pali china chimene chimatikhudza ife olemba m'Chichewa. Stemmer (gawo la makina lodula mawu kuti patsale tsinde lake) ya Chingerezi imadula kumapeto kwa mawu, pamene athu amasintha kumayambiriro: buku ndi mabuku, chingwe ndi zingwe, batire ndi mabatire. Ndiye musadabwe wolemba "zingwe" akalephera kupeza "chingwe". Pa katundu wanu wofunika kwambiri, lembani mawu aumodzi ndi ochuluka pa mzere umodzi ngati ofanana. N'zotopetsa pang'ono, koma mizere yochepa yokha imatha kutseka mabowo ambiri.

Mukaonjezera mzere uliwonse, yesani ndi chida cha Elasticsearch chotchedwa _analyze kuti muone mawu amene makina akutulutsa, kenako fufuzani nokha ngati kasitomala, mbali zonse ziwiri. Pakatha mwezi bwererani ku mndandanda wa zosapezeka uja. Ngati "lamya" yachokapo, tengani mawu otsatira. Mukakakamira penapake, nditumizireni mizere yanuyo tidzaionere limodzi.