Adona akuti "don't skimp on the cheese": kodi akunditonza?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Mulanje amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kuno ku Joni. Akuti Loweruka ankakonzera ana makaroni, adona n'kusuzumira m'mbale, n'kunena kuti, "Please don't skimp on the cheese." Iwo anangoti "yes madam," koma usiku wonse mtima unali m'mwamba. Akufunsa kuti: mawuwa akutanthauzanji? Kodi adona akuwanena kuti ndi oumira, kapena akuwaganizira kuti akumabisa tchizi n'kupita nacho kwawo?

Achemwali, khazikani mtima pansi. Palibe amene wakunenani kuti ndinu akuba. Adona anangoti musaike tchizi chochepa, thirani chambiri. Basi.

"Skimp on" ndi kuika chinthu chochepa kuposa mmene chikufunikira, pofuna kusunga ndalama, nthawi kapena katunduyo. Mawu athu oyandikira kwambiri ndi kusinira, koma pali pomwe akusiyana, ndipo mpamene ambiri aife timapunthwa. Kwathu kusinira ndi luso. Mayi amene amatha kutenga kambale kamodzi ka usipa n'kudyetsa banja masiku atatu, kuthira mafuta m'ndiwo ndi kasupuni, kupukutira sopo kuti asasungunuke pa mwala, timamuyamikira kuti ndi wodziwa kusunga pakhomo. Inu munakulira m'manja mwa amayi otero, nanenso chimodzimodzi. Ndiye dzanja lanu likafika pa tchizi cha mtengo wotere, limabwerera lokha. Koma "skimp on" sayamikira munthu. Amene akunena mawuwa ali ndi dandaulo: chakudya sichinakome, chovala sichinayere, khoma lafooka. Kuchepetsako kwafika popweteka chinthu chimene mukukonzacho.

Kusinira kwabwino kuja pa Chingerezi ndi "save on." Mukagula thumba la ufa la 10 kg ku holoselo m'malo momagula ka 1 kg tsiku ndi tsiku pa spaza, kagolosale ka m'dera, mwapanga "save on," ndipo nsima ikadali yomweyo. Mukayamba kuphika nsima yochepa mpaka ana kumadzuka pa mphasa akuyang'ana mumphika, pamenepo ndiye "skimp on."

Samalani ndi m'bale wake wofanana naye nkhope, "skip." Pakamwa pa ife Amalawi onsewa amatuluka ngati sikipu, koma "skip" ndi kudumpha chinthu, kuchisiyiratu. "Skip the cheese" ndiye kuti musaikemo tchizi n'komwe. "Don't skimp on the cheese" ndiye kuti ikanimo chochuluka. Ka m kamodzi kokha kakhoza kukuphikitsani chakudya cholakwika. Katchuleni ngati mp wa mu kampango, mudzamveka.

Kagwiritsidwe kake si kovuta. Ka "on" kamatsatana ndi "skimp," kenaka chinthu chimene chachepetsedwa: "skimp on soap," "skimp on food," "skimp on sleep." Musawalekanitse, palibe zoti "skimp the soap on." Za kale ndi "skimped." Mudzawamva kwambiri pokaniza, ndipo akakanizidwa amatha kusanduka chiyamiko. Mukapita ku ukwati ku Soweto, nyama ili mbweee, wina n'kuti "they didn't skimp on the meat," dziwani kuti akutamanda eni ukwati.

Ine mawuwa ndinawaphunzira pa simenti, ndipo ndinalipira sukulu fizi yokwera. Chaka changa choyamba kuno ndinkathandiza amisiri omanga mpanda ku Midrand. Kapitawo wathu ankaima pafupi ndi mulu wa mchenga n'kumawerenga mawilibala: thumba limodzi la simenti la 50 kg, mawilibala atatu a mchenga, osapitirira. Mnzanga akaonjezera fosholo ziwiri kuti matope achuluke, kapitawo ankakuwa, "Don't skimp on the cement!" Ine ndinkaseka chamumtima, kuti anthu awa sadziwa mtengo wa simenti ku Limbe. Nditayamba kumangitsa kanyumba kanga kumudzi, ndinaimbira mmisiri pa WhatsApp n'kumuuza kuti thumba limodzi lizidya mawilibala asanu. Iye anakana kawiri, kachitatu anati, "Nyumba ndi yanu, bwana." Nditapita pa Khirisimasi ndinatenga kiyi n'kukanda pakati pa njerwa. Mchenga unangoti yoyoyo kugwera pa nsapato zanga. Dzinja lachiwiri khoma la kumvula linang'ambika kuchokera pa zenera mpaka pansi, mng'alu woti chala n'kulowa. Matumba amene ndinkati ndapulumutsa ndinawagula ndithu, kuphatikizapo ena, ndi kulipiranso mmisiri yemwe uja, amene sanandiseke pamaso koma ndikudziwa kuti kunyumba kwake anaseka.

Pali abale ena a mawuwa oti muwadziwe. "Skimpy" ndi chinthu chochepa mopitirira: mbale ya chakudya chosakhutitsa, kapena chovala chachifupi choonetsa thupi, choncho musathamangire kuuza mwana wa adona kuti diresi lake ndi "skimpy." M'nyuzipepala mudzaona "stint on," tanthauzo ndi lomwelo koma m'khitchini simudzalimva kawirikawiri. Ndiye pali "scrimp and save," amene ndi moyo wathu tonse kuno ku Joni: kuyenda wapansi kuchokera ku Park Station kukafika ku Fordsburg kuti ya takisi itsale, kugona anthu anayi chipinda chimodzi, kuti pakutha pa mwezi kakhalepo kotumiza kumudzi. Amenewa alibe chitonzo. Munthu akati "she scrimped and saved to pay school fees," akumuchitira ulemu mayiyo.

Chimodzi chokha ndikupempheni, mwezi wa June ukamayandikira. Mzinda uno uli pamwamba, pafupifupi mamita 1,750, ndipo kuzizira kwake kumaposa kwa ku Dedza. Chaka choyamba chija ndinagula kabulangete kopyapyala ka mtengo wotsika, n'kumagona nditavala jekete ndi masokosi awiri, mpaka chifuwa chinandigoneka sabata yathunthu osalandira kanthu. Chiganizo choyeserera chanu chikhale chimenechi: "I will not skimp on a blanket."

Za adona aja, tsiku lina akadzanenanso, ingofunsani kuti, "How much would you like?" Akuonetseni ndi dzanja lawo. Ndipo tchizi chikatha Lachitatu m'malo mwa Loweruka, auzeni msanga kuti chatha chifukwa mukuika mmene ananenera, kuti pasadzakhale kuganizirana. Loweruka likubwerali palani tchizicho mpaka makaroni asaoneke. Dzanja likayamba kubwerera lokha, kumbukirani kuti bilu ya ku sitolo salipira ndinu.