Patenti ndi katundu wa m'katoni

Achimwene, mwafunsa mmene geni yathu ya mafoni ndi zipangizo za sola imayendera. Mwafunsanso ngati n'zoona zimene mwaphunzira kukoleji, zoti dziko lolembetsa mapatenti ambiri ndi lomwe chuma chake chimakwera. Zonsezi ndimakumana nazo ndikamatsegula makatoni.

Ndimakwera basi ku Lilongwe, kudutsa Karonga, kuwoloka pa Songwe, kenako Mbeya mpaka Dar es Salaam. Kupikula ndi ku Kariakoo, dera la msika waukulu mumzindamo. Pobwera a MRA amawerengera msonkho potengera malisiti, ndiye musawataye, ndipo ndalama ya msonkho muziipatula musanagule kanthu. Ambiri mpamba umawathera pa boda chifukwa choiwala zimenezi. Chovuta kwambiri masiku ano ndi kupeza ndalama zakunja.

Koma tembenuzani katoni muwerenge kumbuyo. Pafupifupi yonse imachokera ku Guangdong, chigawo cha China komwe kuli Shenzhen ndi Guangzhou. Ife a ku Kariakoo timangotola zimene zatsika m'sitima.

Apa aphunzitsi anu sananame. Patenti ndi chiphaso chimene boma limapatsa munthu wotulukira chinthu chatsopano, kuti wina asachikopere kwa zaka 20. M'chaka cha 2023 ofesi ya mapatenti ya China inalandira mapempho oposa 1.6 miliyoni, pafupifupi theka la a dziko lonse lapansi. Shenzhen inali tauni yaing'ono pomwe boma linaisandutsa dera lapadera la zamalonda mu 1980. Lero ndi kwawo kwa Huawei, kampani yomwe kuyambira 2017 yakhala ikutsogola pa mapempho a patenti a mayiko ambiri kudzera ku WIPO, bungwe la United Nations loona za mapatenti. Kumeneko n'komwenso kuli Transsion, eni ake a Tecno, Itel ndi Infinix. Iwowa anaganizira munthu wa kuno: malo a masimu awiri, batire lopirira magetsi akathima, kamera yojambula bwino khungu lakuda. Luso limenelo ndimaliona pa kauntala, chifukwa mafoni amenewa sagona pashelefu.

Komabe nambala za mapatenti musazimeze zonse. Ku China kuli mtundu wina wa patenti wa zaka 10, wa tizinthu tongosintha pang'ono, womwe saufufuza mozama. Maboma a zigawo ankaperekanso ndalama kwa olembetsa, mpaka mu 2021 boma lalikulu linalamula kuti zolipira pempho zithe. Munthu akamalipidwa polembetsa, amalembetsa ngakhale chosathandiza.

Ndinazionera ndekha. Ulendo wina ndinapikula makatoni awiri a nyali za sola, bokosi lililonse lili ndi nambala yaitali ya patenti yosindikizidwa mwaulemu. Ndinaikhulupirira. Patangotha milungu itatu, mayi wina wogulitsa tomato usiku anabwera nayo nyali itakulungidwa m'chitenje, batire litatupa ngati chitumbuwa. Sanakalipe, anangoiika patebulo n'kunena kuti ana ake alemba homuweki ndi kandulo. Ndinamubwezera ndalama, ndipo ena asanu ndi awiri anabwera pambuyo pake. Phindu la ulendo wonse linathera pomwepo. Kuyambira pamenepo ndimagula imodzi kaye, kuitchaja, kuisiya iyake usiku wonse m'chipinda chomwe ndagona, m'mawa ndiye ndikambe za mtengo.

Kwa ife apageni, chimene chimaluma msanga ndi chizindikiro cha kampani. Katundu wa feki wonyamula dzina la eni ake akhoza kulandidwa, ndipo simungadandaule kwa aliyense. Zizindikiro ndi mapatenti kuno amalembetsa ku ofesi ya boma yoona za zimenezi, kapena ku ARIPO ku Harare, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa mapatenti ndi zizindikiro, lomwe Malawi ndi membala wake.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nambala zanuzo sizimuona mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi shopu yanga. Nyali zakufa zija anazitenga, anachotsa mabatire oola, n'kuikamo ena ochokera m'malaputopu akale, anawonjeza kawaya kotchajira foni. Zikuyakabe mpaka lero, ndipo anthu amazifuna kuposa zatsopano. Alibe ndalama ya loya, za ARIPO sanamvepo, ndiye m'mabuku a WIPO Malawi amaoneka ngati dziko losaganiza. Mukamalemba za mapatenti ndi chuma, mubwere Loweruka mudzakhale naye pa benchi yake. Mubweretsenso pasipoti yanu tione ngati ili bwino, chifukwa ndinyamuka kumapeto kwa mwezi.