Mwafunsa za ndalama za malata, akuti ndinu wamwano

Mayi wina wa ku Mchengautuwa wandilembera pa imelo. Akuti pa msonkhano wa mpingo anafunsa komwe kunapita ndalama za malata zomwe akhala akusonkha, ndipo chifunsireni anamuimitsa kwaya, amayi anzake akumupatsa moni akuyang'ana kumbali. Akufunsa kuti asiye kupemphera, asamuke, kapena angopirira.

Achemwali, mwandigunda pachilonda, ndiye mundilole ndiyambe zanga.

Achimwene anga anadwalira kwa ine kuno ku Chibavi. Anali munthu woti maliro akagwa m'dera, iwo ndiwo ankayamba kufika ndi nkhwangwa kudzawaza nkhuni. Matenda atakula, geni yawo ya kaunjika inaima, kandalama kalikonse kankathera ku mankhwala, khadi lawo la chopereka n'kungokhala loyera. Anatisiya mu Juni, ndipo kuzizira kwa Mzuzu mwezi umenewo mukukudziwa, ndi kamvula kowaza kaja kosaoneka koma konyowetsa chitenje. Madzulo ake akulu a mpingo anabwera pasiwa, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Mmodzi anatulutsa kabuku ka chikuto chakuda m'jumbo, kunyambita chala, n'kuyamba kutembenuza masamba mosafulumira. Akuti, "Mayi, malemuwa ali ndi miyezi yosalipira. Kuti mpingo uimbire, tiyambe takonza apa." Apo n'kuti mutu wanga uli pa mtengo wa bokosi ndi galimoto yoti inyamule thupi mpaka kwathu ku Dedza. Mayi athu anali m'nyumba, atavala yunifomu yawo ya bungwe la amayi, akudikira nyimbo.

Nyimbo inayambika ndithu, koma anaiyambitsa gogo wina wa mpingo womwewo amene sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anangokoka mawu ake onjenjemera, amayi ena n'kulandira, mpaka kunacha. Ufa ndi nkhuni zinabwera ndi aneba, ena a mipingo ina, ena osapemphera n'komwe.

Titabwerako ku Dedza ndinaleka kupita kutchalitchi. Lamulungu ndinkachapa zovala. Pa WhatsApp ankanditumizira Ahebri 10:25, vesi lija loti tisaleke kusonkhana, koma wondifunsa ngati ndikugona tulo panalibe. Gogo uja yekha ndiye ankabwera, kudzakhala pakhonde, kusenda nane mbatata, osatchula za tchalitchi ngakhale kamodzi.

Ndiye pali chinthu chimodzi chimene ndimakana kwamtuwagalu, choti wokhumudwa ndi mpingo ndi wofooka m'chikhulupiriro. Bodza limenelo. Munthu wobwera pa Khirisimasi pokha mpingo sungamupweteke. Amene amapwetekeka ndi inu amene munkasesa tchalitchi Loweruka, munkaphika pa misonkhano, munkadzimana ndiwo kuti musonkhe za malata. Ndipo kufunsa za ndalama si mwano. Werengani 2 Akorinto 8. Paulo yemwe, posonkhetsa thandizo la akhristu a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula thumba yekha. Anayenda ndi m'bale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena. Ngati mtumwi analola kuperekezedwa, msungichuma wa ku Mchengautuwa ndani kuti asawerenge lipoti pamaso pa anthu? Akakuopsezani ndi vesi lija la "musakhudze odzozedwa anga", muwayankhe mwaulemu kuti simukukhudza munthu, mukufunsa lisiti ya malata.

Palinso Machitidwe 6, mutu umene ife olankhula Chichewa kuno ku Mzuzu tiyenera kuumva bwino. Akhristu olankhula Chigiriki anadandaula kuti amasiye awo akuwalambalala pogawa chakudya. Atumwi sanawatche oukira. Anaitanitsa msonkhano, anthu anasankha amuna 7 oti ayendetse ntchitoyo, ndipo onse 7 maina awo ndi a Chigiriki, kutanthauza kuti udindo unapita kumbali ya odandaula omwewo. Ife kuno nkhani ya chiyankhulo timaidziwa. Mkangano wa malire pakati pa sinodi ya Livingstonia ndi ya Nkhoma, mbali yaikulu unali wa yemwe apemphere m'Chitumbuka ndi yemwe apemphere m'Chichewa, mpaka lero mumapeza matchalitchi awiri a CCAP m'tauni imodzi, aliyense ndi sinodi yake. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina, ndingautse mavu pachikwa.

Komanso musaganize kuti kuchoka mumpingo kwayamba ndi ife a mafoni. Amishoni a Livingstonia anafika m'dziko muno mu 1875, anakhazikika ku Khondowe mu 1894, koma abusa awo achikuda oyamba atatu anadzozedwa mu 1914. Mmodzi mwa atatuwo, Yesaya Zerenji Mwasi, atatopa ndi kuponderezedwa, anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake m'dera la Atonga, ndipo analemba zifukwa zake poyera. Chimene ndimamulemekezera n'chimenecho, sanazembe usiku. Ndiye tikumbukenso 1992. Pa 8 Malichi mabishopu a Katolika anawerengetsa m'matchalitchi kalata yodzudzula boma la chipani chimodzi, ndipo Monsignor John Roche, yemwe ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anapitikitsidwa m'dziko muno. Mipingo imanyadira mbiri imeneyi, ndipo n'koyenera. Koma mpingo wodziwa kufunsa boma za misonkho uzilolanso mayi wa mu kwaya kufunsa za malata. Apo ayi, ndi chinyengo basi, palibe dzina lina.

Nanga muchite chiyani?

Chimene ndikukuchenjezani kwambiri n'choti musathamangire kumene kuli phokoso. Munthu wovulala mumtima ndiye nyambo ya aneneri aja ochita lendi makalasi a sukulu Lamulungu. Adzakulandirani ndi manja awiri, adzakuuzani kuti kumene mwachokako kuli mizimu yoipa, inu mtima n'kukhala pansi poti mwapeza wokumvetsani. Pakatha miyezi ingapo mwagula mafuta odzozera, mwagula sitika yomata pachitseko, mwafesa mbewu, ndipo kumeneko kulibe seshoni ya akulu a mpingo, kulibe komiti, akaunti ili m'dzina la papa. Mnzanga wina wogulitsa nsomba mumsika waukulu anathera mpamba wake wonse momwemo. Kuthawa mvula n'kukabisala mumtsinje. Kumipingo yakaleyi, pamodzi ndi zofooka zake, kuli koti n'kukadandaula pamwamba pa abusa.

Ine ndinabwerera, koma osati komwe kuja. Ndinakatenga kalata yosamukira masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo atandifunsa chifukwa ndinanena za kabuku kakuda kaja, akulu aja ali pomwepo. Kumene ndili panonso kuli zake, anthu a magalimoto amakhalabe kutsogolo, ndipo pepa sande ikafika mayina a opereka zambiri amawatchula ndi nthungululu. Kungoti msungichuma amawerenga lipoti la ndalama ndipo wofunsa samudula mgonero. Kwa ine malire ndi amenewo.

Inuyo lembani funso lanu papepala, lalifupi, lopanda kutchula munthu kuti wakuba, mulipereke kwa mlembi wa mpingo, musunge kope. Musapite nokha, tengani mmodzi kapena awiri amene anasonkha nawo, monga akunenera Mateyu 18. Akakana kuyankha, kwezani nkhaniyo ku bwalo lapamwamba la mpingo wanu. Za kuimitsidwa kwaya mufunsenso kuti akulembereni mlandu wake, nthawi zambiri cholembera chikatuluka mlandu umasowa. Pamene mukudikira, kupuma masabata angapo si tchimo, bola musadzitsekere m'nyumba, pezani munthu mmodzi wopemphera naye. Zikakanika zonse, tengani kalata yanu musamuke. Nkhaniyi musaiponye pa Facebook, chonde, mungadzapezeke mlandu wa malata wasanduka mlandu wanu woipitsa mbiri ya munthu. Mlembi akayankha mundilemberenso.